Makosi osankha a ecology, kusunga zachilengedwe ndi ma modelo: mafunso ndi mayankho

Nthawi yolembetsa makosi ikayandikira, foni yanga sipuma. Ophunzira a chaka chachitatu ndi chachinayi, ena a biology, ena a zaulimi, ena a masamu, amabwera ndi nkhawa zofanana. Ndasonkhanitsa pano mafunso amene amabwerezedwa kawirikawiri pamodzi ndi mayankho anga. Mayina a makosi ndi malamulo olembetsera amasiyana pa yunivesite iliyonse, ndipo amasintha, choncho pa zimenezo kaonaneni ndi mkulu wa dipatimenti yanu. Ine ndikamba za mkati mwa maphunzirowo.

Kodi makosi atatuwa amasiyana pati? Kwa ine onse ndi zachilengedwe basi.

Tiyeni titenge nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ndi yosazama, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope a ming'alu. Koma madzi akabwerera, matemba, makumba ndi milamba zimabwereranso.

Wa ecology amafunsa kuti nsombazi zinabisala kuti nthawi yonseyo. Amapeza kuti zina zimathawira m'mitsinje yothira m'nyanjamo, monga Likangala ndi Domasi, n'kukhala m'maiwe otsala mpaka dzinja labwino litadza. Wa conservation, kosi ya kusunga zachilengedwe, amatenga yankho limenelo n'kufunsa funso lowawa: maiwe amenewo tiwateteza bwanji pa nthawi imene msodzi alibe kwina koponya khoka ndipo ana kunyumba akugona ndi njala? Lamulo aike ndani, mfumu kapena boma? Wa modelling amasonkhanitsa manambala a mvula, a kuzama kwa madzi ndi a nsomba zogwidwa, n'kufunsa kuti mvula ikamachepa pang'ono chaka ndi chaka, nyanjayi iziphwa kangati pa zaka 50, ndipo nsomba zingati ziyenera kutsala m'maiwe kuti mtundu usathe.

Nyanja ndi imodzi, mafunso ndi atatu, ndipo lililonse limatsamira pa linzake.

Nanga modelo ndi chiyani kwenikweni?

Mayi akasuzumira m'nkhokwe mu Ogasiti n'kunena kuti chimanga ichi sichifika Febuluwale, apanga modelo. Akudziwa chimene chilimo, akudziwa ndowa zimene zimapita kuchigayo pa mwezi, aikapo anankafumbwe, alendo ndi maliro, ndipo aona kutsogolo. Kuyunivesite timangolemba maganizo oterewo m'manambala kuti wina aliyense athe kuwaona ndi kuwatsutsa.

Chitsanzo chimene pafupifupi kosi iliyonse imayambira ndi ichi. Tiyerekeze damu limene lingasunge nsomba 1,000, osapitirira, chifukwa chakudya ndi malo zili ndi malire. Nsomba zikakhala zochepa kwambiri, zoswana n'zochepanso, ndiye chiwerengero chimakwera pang'onopang'ono. Zikayandikira 1,000 zimaphangirana chakudya ndipo kukwerako kumaima. Pamene zimachulukana msanga ndi pakatikati, pa 500. Ngati mtunduwo umatha kuwonjezeka ndi 40 pa 100 iliyonse pa chaka pamene malo alipo ambiri, masamu amaonetsa kuti pa 500 paja damu limabala nsomba zatsopano 100 pa chaka. Mukamavuula 100, damu silitha. Mukamavuula 130, chaka choyamba ndi chachiwiri mudzaona ngati zonse zili bwino, koma mukudya mbewu, ndipo kugwa kwake kumadza mofulumira kumapeto.

Masamu amenewa anawalemba Pierre Verhulst wa ku Belgium mu 1838 poganizira za kuchuluka kwa anthu, ndipo mu 1954 Milner Schaefer anawagwiritsa ntchito pa usodzi. Mukawamvetsa, nkhani ya chambo cha m'nyanja ya Malombe, chimene chinagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 n'kusiyira malo kambuzi, simuimvanso ngati tsoka chabe.

Masamu ndimawaopa. Pa MSCE ndinangokhoza pang'ono. Ndingakwanitse?

Funso ili ndi limene ndimalimva kuposa onse, ndipo limandipweteka mtima chifukwa lathawitsa anthu ambiri amene akanachita bwino.

Zimene mukufunika pa kosi yoyamba ya modelling ndi izi: kuwerenga girafu, kumvetsa maperesenti, kusuntha zilembo mu equation, kudziwa kuti logarithm ndi chiyani, ndi kumvetsa lingaliro la liwiro limene chinthu chikusinthira. Calculus ya chaka choyamba imathandiza, koma zowerengera zolemera kompyuta ndiyo imachita. Chovuta chenicheni si masamu. Chovuta ndi kutenga nkhani ya zamoyo n'kuganiza bwino kuti chofunika n'chiti, chosiya n'chiti. Pamenepo wophunzira amene anakulira kumudzi, amene amadziwa kuti mbewa zimachuluka liti ndiponso kuti mbuzi zimaswa kangati, amaposa nthawi zambiri mnzake wodziwa masamu okhaokha.

Sindikunamizani kuti n'zophweka. Masabata atatu oyambirira mudzasowa mtendere, kompyuta izikukanani chifukwa cha kachizindikiro kamodzi kosowa. Pezani anzanu awiri, mmodzi wa masamu ngati n'kotheka, muzikhala pamodzi madzulo awiri pa sabata. Amene amalephera kosi imeneyi kawirikawiri ndi amene amaisiya mpaka sabata ya mayeso, monga amachitira ndi makosi oloweza pamtima.

Kodi ma modelo amenewa anasinthapo kanthu, kapena ndi za m'kalasi chabe?

Neti imene mumagonamo ili ndi masamu kumbuyo kwake. Ronald Ross, amene mu 1897 anapeza kachilombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu, anaonetsa pambuyo pake ndi masamu kuti sikofunika kupha udzudzu wonse kuti malungo aleke kufala. Pali mlingo wina wake, ndipo udzudzu ukachepa kupitirira pamenepo matenda amazilala okha. M'zaka za m'ma 1950 George Macdonald anapitiriza ntchitoyo n'kupeza chinthu chofunika kwambiri. Kachilomboka kamafuna masiku khumi kapena kuposerapo kali m'thupi mwa udzudzu kasanathe kupatsira munthu wina, ndipo udzudzu wambiri umafa usanafike pamenepo. Ndiye kufupikitsa moyo wa udzudzu waukulu, ngakhale pang'ono, kumadula malungo kwambiri kuposa kuchepetsa mphutsi zake ndi mlingo womwewo. N'chifukwa chake kupopera mankhwala m'makoma ndi maneti onyikidwa m'mankhwala zili ndi mphamvu chotere.

Chitsanzo china ndi cha akamba a m'nyanja yamchere kum'mwera chakum'mawa kwa America. Kwa zaka zambiri anthu ankateteza mazira awo pamchenga, ndi mtima wonse. Mu 1987 Deborah Crouse, Larry Crowder ndi Hal Caswell anagawa moyo wa kambayo m'misinkhu n'kuwerengera, ndipo anapeza kuti ngakhale mazira onse atapulumuka mtunduwo uzingochepabe, chifukwa akamba osinkhuka ankafera m'makoka a asodzi a tinkhanu totchedwa shrimp. Zimenezi zinalimbikitsa lamulo loika kakhomo kothawira akamba m'makokawo.

Palinso nkhani ya Vito Volterra wa ku Italy. Mkamwini wake, Umberto D'Ancona, anaona kuti pa nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse, usodzi utachepa m'nyanja ya Adriatic, nsomba zodya zinzake zinachuluka pakati pa zogulitsidwa m'misika. Volterra anafotokoza chifukwa chake ndi masamu mu 1926. Phunziro lake limafika mpaka kumunda kwathu: mankhwala opha tizilombo toononga pamodzi ndi adani ake achilengedwe angathe kusiya toonongato titachuluka kuposa kale.

Ndili ndi mpata wa makosi awiri okha. Ndisankhe ati?

Ngati munachita kale ecology yoyambira m'chaka chachiwiri, tengani modelling ndi kosi imodzi yokhala ndi ntchito ya kutchire. Ngati simunachitepo ecology, yambani ndi imeneyo, kenaka modelling. Conservation ndi yokoma ndipo ndi yofunika, koma mwa atatuwa ndi imene munthu wakhama angaiphunzire bwino pa ntchito ndi powerenga yekha. Modelling n'njovuta kuiyamba popanda wokugwira dzanja. Anthu okonda nyama ndi mitengo m'dziko muno alipo ambiri. Amene angauze nduna kapena mfumu kuti pa mlingo uwu nkhalango iyi yatsala ndi zaka zakuti, n'kuonetsa mmene awerengera, ndi ochepa zedi.

Kutchire kumachitika zotani?

Mumadzuka kusanache. Mumanyamula tepi, chingwe, zikhomo, kampasi kapena GPS, pensulo, osati bolopeni chifukwa inki imafufutika ndi mvula, ndi botolo la madzi. M'nkhalango ya miombo mumayeza bwalo, mwina mamita 20 mbali zonse, n'kukhoma zikhomo m'makona. Mtengo uliwonse wa m'bwalomo mumautchula dzina, mumauyeza kunenepa pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, mumalemba ngati unadulidwapo kapena unapsa. Mumawerenganso zitsa ndi mphukira, chifukwa miombo ikadulidwa imaphukira pachitsa ndi kumizu, ndipo tsogolo la nkhalangoyo lili m'timitengo tofika m'mawondo timene munthu wodutsa satiwerengera. Masamba a mtengo wosaudziwa mumawapanikiza pakati pa nyuzipepala kuti mukawafananize ndi a ku National Herbarium ku Zomba.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ndili wophunzira. Gulu lathu linalibe tepi yeniyeni yoyezera mitengo, ndiye tinagwiritsa ntchito tepi ya telala, kuzunguliza thunthu. Ine ndi amene ndinkalemba, ndipo sindinalembe pamwamba pa pepala kuti manambalawo ndi a kuzungulira kwa thunthu. Patapita masabata awiri tinawalowetsa m'kompyuta ngati a kupingasa kwake. Zotsatira zinaonetsa kuti kankhalango kathu koperewera kaja kali ndi matabwa ochuluka pafupifupi kakhumi kuposa mmene kanalili. Amene anazindikira sanali wa masamu. Anali mtsikana wa m'gulu lathu amene bambo ake ankacheka matabwa. Anayang'ana nambala imodzi n'kunena kuti msuku wonenepa choncho sanauonepo chibadwire. Kuyambira tsiku limenelo, pepala lililonse la kutchire ndimayamba ndi tsiku, malo, dzina la woyeza ndi muyeso umene wagwiritsidwa ntchito.

Yembekezani nkhupakupa, chitedze, dzuwa ndi njala. Atsikana ena amafunsa ngati ntchitoyi ndi yawo. Ndi yanu ndithu. Valani nsapato zotseka ndi buluku lolimba, ndipo musalole kuti anyamata azigwira zipangizo inu muzingolemba.

Nyama zimene simungazione zonse mumaziwerenga bwanji?

Yesani izi kunyumba. Thirani nyemba zoyera m'poto, osaziwerenga. Tapani 60, muzipake inki, muzibwezere, mutakase bwino. Tsinzinani, mutapenso 50. Tinene kuti mwa 50 zimenezo, 10 ndi zopakidwa. Ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a nyemba za m'potomo ndi lopakidwa, ndipo poti munapaka 60, zonse zilipo pafupifupi 300. Njirayi imatchedwa ndi mayina a Petersen ndi Lincoln, ndipo imagwira pa nsomba, mbewa ndi mbalame. Pa akambuku ndi afisi, m'malo mwa inki timadalira mawanga awo pa zithunzi za makamera omangirira pamitengo.

Kukoma kwa kosi kumayamba mukafunsa kuti nyama zimasiyana bwanji ndi nyemba. Mbewa imene inagwidwapo ikhoza kuopa msampha, kapena kuukonda chifukwa cha chiponde chimene munaikamo. Zina zimafa, zina zimabadwa, zina zimasamuka pakati pa maulendo awiriwo. Chilichonse mwa izi chimapotoza yankho, ndipo mumaphunzira kudziwa kuti chilipotozera mbali iti.

Kodi conservation si nkhani ya azungu ndi njovu zawo, anthu akumudzi n'kumavutika?

Funsoli ndi loyenera, ndipo kosi yabwino siyilithawa. Malo ambiri otetezedwa mu Africa anakhazikitsidwa posamutsa anthu ndi kuwaletsa kusaka kumene makolo awo ankasaka. Mbiri imeneyo muyenera kuiphunzira mosabisa.

Zochitika za kwathu kuno zili ndi mbali ziwiri. Majete inali itatsala pang'ono kutheratu nyama pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mu 2003. Zipembere zinabwezeredwa chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Mu 2015 bungwe lomwelo linatenganso Liwonde ndi Nkhotakota, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete, zambiri kupita ku Nkhotakota. Mu 2022 njovu 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Pambuyo pake anthu a m'midzi yoyandikana ndi pakiyo, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, adandaula za mbewu zoonongedwa ndi abale ophedwa ndi njovu. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo wophunzira ayenera kuzigwira pamodzi.

Apanso manambala amalowa. Njovu imatenga bere miyezi 22, komabe ikatetezedwa bwino gulu likhoza kuwonjezeka ndi 5 pa 100 iliyonse pa chaka, kutanthauza kuti limawirikiza kawiri pa zaka pafupifupi 14. M'paki ya mpanda ngati Liwonde, yozunguliridwa ndi minda, funso loti zidzapita kuti liyenera kufunsidwa zaka khumi zisanadzaze. Mlimi amene munda wake wadyedwa usiku umodzi amafuna munthu amene anawerengera zimenezi pasadakhale, ndipo ndi bwino munthuyo akhale wodziwa mtengo wa thumba la chimanga mu Januwale.

Komanso conservation si njovu zokha. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha itatsala paphiripo. Mitundu ya chambo inaikidwa mu 2018 pa mndandanda wa IUCN, bungwe la padziko lonse loona zosunga zachilengedwe, wa zamoyo zimene zili pafupi kutheratu. Mapiri ometedwa mpala a ku Blantyre tinaona zimene anachita ndi mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Izi si nkhani za alendo.

Nzeru za makolo zili ndi malo m'makosi amenewa?

Ziyenera kukhala nawo. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, ndi malamulo awoawo a khalidwe pachilumbapo, ndipo akatswiri ochokera kunja amabwera kudzaphunzirapo. Manda a m'midzi mwathu asunga mitengo yachilengedwe imene kwina konse inatha. Amayi otola bowa amadziwa kuti bowa wakuti amamera pansi pa mtengo wakuti, zimene sayansi imafotokoza ndi ubale wa bowa ndi mizu ya miombo.

Koma musatenge chilichonse chonenedwa ndi wamkulu ngati chosatsutsika, monganso simuyenera kutero ndi chilichonse cholembedwa m'buku. Lembani zimene mwauzidwa, ndi ulemu, kenaka kayezeni.

Modelo ingalakwe?

Kwambiri, ndipo kosi imene sikuphunzitsani zimenezi ndi yoopsa. Ku Newfoundland, m'dziko la Canada, nsomba ya cod inali yochuluka kwa zaka mazana. Akatswiri ankadalira kwambiri nsomba zimene sitima zikugwira poyerekeza kuchuluka kwa zotsala m'madzi. Koma nsombazo zikamachepa zinkaunjikana malo ochepa, ndipo sitima zamakono zinkazipezabe mosavuta, ndiye manambala ankaoneka abwino pamene nyanja ikutha. Asodzi a mabwato ang'onoang'ono a m'mphepete anachenjeza, osamvedwa. Mu 1992 boma linatseka usodziwo ndipo anthu masauzande ambiri anataya ntchito.

Ganizirani za usipa wathu, umene asodzi amaukopa ndi nyali usiku n'kuuzinga ndi chilimira. Nsomba yobwera yokha ku kuwala ingadzaze bwato ngakhale itachepa m'nyanja. Wophunzira amene anakhalapo pagombe m'bandakucha n'kuona mmene ntchitoyi imayendera sangalowetse manambala a pagombe mu modelo mwachimbulimbuli. Ichi ndicho chifukwa chake ndimaumirira kuti kutchire ndi pakompyuta zisalekane.

Ndilibe laputopu yamphamvu. Ndiye basi?

Ayi. Mapulogalamu ofunika kwambiri, R ya masamu ndi magirafu, QGIS ya mapu, ndi Python, ndi aulere ndipo amayenda pa laputopu yakale. Mukawatsitsa kamodzi sasowa intaneti pa ntchito zambiri. Modelo ya damu ija mukhoza kuipanga mu Excel ndi mizere 30. Ngati mulibiretu laputopu, funsani nthawi imene labu ya makompyuta imakhala yotsegula musanalembetse, ndipo ntchito yanu muzisunga malo awiri, pa flash ndi pa imelo, chifukwa magetsi sachenjeza.

Anzanga akuti kosi yakuti ndi yophweka, aliyense amakhoza. Ndisaitenge imeneyo kuti magiredi akwere?

Ndikumvetsa. Amene ali pa ngongole ya boma kapena akulipiriridwa ndi wachibale safuna kumva za sapu, mayeso obwereza. Ngati semesita yanu yadzaza kale ndi makosi olemera, kuikapo imodzi yopepuka si tchimo. Koma musasankhe onse motero. Pofunsira ntchito kapena sukulu ya masters, funso limene limabwera ndi loti mumatha kuchita chiyani, ndipo amene angatsegule laputopu n'kuonetsa mapu amene anapanga yekha amakumbukika.

Musanalembetse, pezani wa chaka chapamwamba amene anaichita ndipo mumufunse zinthu zitatu: kodi munapitadi kutchire kapena ulendo unangolonjezedwa, kodi munagwira kompyuta ndi manja anu, ndipo kodi ntchito zanu zinkabwezedwa zitachongedwa.

Sindine wa biology. Ndingalowe?

Ngati malamulo a pulogalamu yanu akulola, lowani. Wa masamu kapena wa kompyuta adzapeza mafunso amoyo oti agwiritsirepo luso lake, koma avomere kudetsa nsapato. Wa zaulimi adzamvetsa bwino ntchemberezandonda zimene zinasakaza chimanga mu 2017, ndiponso mmene kachilombo koononga chinangwa kanagonjetsedwera mu Africa m'zaka za m'ma 1980 pobweretsa mavu ang'onoang'ono ochokera ku South America. Wa zaumoyo adzapeza kuti masamu a kufala kwa kolera ndi a nyama yodya inzake ndi apachibale. Wa uphunzitsi adzapindulira ana mazanamazana. Wa malamulo ndi wa economics akusowekanso kwambiri pa nkhani za makala, malo ndi migodi.

Projekiti ya chaka chomaliza ingachokere m'makosi amenewa?

Inde, ndipo ndi njira yabwino yosankhira: tengani kosi imene ikupatsani chida cha projekiti yanu. Langizo langa ndi loti funso likhale laling'ono ndipo malo akhale ofikika ndi njinga kapena minibasi imodzi. Kusintha kwa nyengo m'Malawi si mutu wa projekiti ya miyezi isanu ndi umodzi. Koma kuyerekeza mphukira za miombo pamalo otenthedwa kumayambiriro kwa chilimwe ndi pamalo opsa mu Okutobala ndi mutu. Kuyeza kutalika kwa chambo chogulitsidwa pamsika umodzi sabata iliyonse ndi mutu. Kuwerengera liwiro limene namasupuni amakutira madzi ndi mutu.

Musaiwale manambala amene alipo kale. Ofesi ya kafukufuku wa nsomba ku Monkey Bay, ya kafukufuku wa nkhalango ya FRIM ku Zomba ndi nthambi ya zanyengo akhala akusonkhanitsa zambiri kwa zaka. Pa intaneti, GBIF ili ndi zolembedwa za zomera ndi nyama za m'dziko muno, ndipo zithunzi za setilaiti za Landsat ndi Sentinel ndi zaulere. Kalata yopempha manambala kapena chilolezo cholowa m'paki ilembeni msanga, kudzera kwa supavaiza wanu, chifukwa mayankho amatenga nthawi.

Ntchito ilipo?

Sindikulonjezani. Mipata ku nthambi za boma za nkhalango, nsomba ndi mapaki ndi yochepa, ndipo ya m'mabungwe ambiri imatha projekiti ikatha. Ambiri amayamba mongodzipereka kapena ngati osonkhanitsa manambala a kafukufuku wa ena. Magulu oteteza chilengedwe monga WESM (Wildlife and Environmental Society of Malawi), Lilongwe Wildlife Trust ndi Mulanje Mountain Conservation Trust ndi malo oyenera kuwadziwa mukadali pasukulu.

Chimene ndaona n'choti luso la manambala limayenda. Amene amatha R ndi QGIS angagwire ntchito ya kafukufuku wa malungo, ya ulimi, ya kuunika mmene chitukuko chikhudzire chilengedwe monga lamulo la 2017 limafunira, ngakhale ya kubanki. Kwa ofuna kupitiriza sukulu, AIMS, imene inayambira ku Cape Town mu 2003 ndipo ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda, imaphunzitsa masters ya sayansi ya masamu kwa ophunzira a mu Africa, ndipo SACEMA ku Stellenbosch imagwira za ma modelo a matenda.

Ndalembetsa. Pa holide ino ndikonzekere bwanji?

Gulani kope lachikuto cholimba. Sankhani malo amodzi pafupi ndi kwanu, dambo, manda, mtsinje kapena munda wogonera, ndipo muzipitako kawiri pa sabata nthawi yofanana. Lembani tsiku, nyengo, ndi zimene mwaona, ndi manambala: mbalame zingati, mitengo ingati yachita maluwa, madzi afika pati pa mwala umene mwauika chizindikiro. Pemphani agogo kapena munthu wodziwa mankhwala azitsamba akuphunzitseni mayina a mitengo 20, ndipo inu mukafufuze mayina ake a sayansi. Bwerezani ma logarithm ndi magirafu a Fomu 4. Tsitsani R mukapeza intaneti yabwino, mulowetsemo manambala a m'kope lanu, mujambule girafu yoyamba. Kopelo mubwere nalo tsiku lotsegulira.